Elo wa Lilongwe, Ala wa Rumphi

Chaka chimene seva yakale inafa, n'kuti nditagwira ntchito zaka zitatu pa kampani ina ku Marlboro, ku Joni, m'chishedi chachikulu chodzaza mapaipi, mipope ndi zitsulo za kubafa zimene amashopu ankabwera kudzaoda. Ndinalowa ngati wonyamula katundu. Kenako abwana anamva kuti ndili ndi kasatifiketi ka makompyuta kochokera ku Blantyre, ndipo kuyambira tsiku limenelo chilichonse chokhala ndi waya chinasanduka changa, kuyambira pulinta mpaka ketulo. Malipiro sanasinthe, koma kayendedwe kanga kanasintha. Ndinayamba kuvala malaya a kolala pakati pa anthu a maovolosi, kasikuludiraiva kali m'thumba la pachifuwa, ndipo munthu akandiitana ndinkayamba ndayang'ana wotchi.

Amene anandipezera ntchitoyo anali bambo wina wachikulire wa ku Ntcheu, amene tinkapemphera naye mu holo ina ku Berea. Pantchito aliyense ankangowatchula kuti madala. Anabwera ku Joni ali mnyamata kudzalowa mumgodi, koma popeza ankalemba bwino anawaika pa ukalaliki, ndipo zala zawo zinazolowera taipi kuyambira nthawi imeneyo. Pakampani pathu malo awo anali pachipata chotulukira katundu. Lole iliyonse isanatuluke, madala ankalemba pamakina zimene yanyamula n'kutulutsa kapepala koti dalaivala asonyeze alonda. Popanda kapepalako geti silinkatseguka.

Makina awowo anali chinthu chochititsa manyazi. Dzina lake ndi teminolo, ndipo ndi sikirini ya malemba obiriwira ndi kiyibodi basi, yopanda nzeru zakezake, yongodalira waya wopita ku seva, kompyuta yaikulu imene inkasunga zonse m'kachipinda koyandikana ndi zimbudzi. Abwana anayesapo kawiri kuika kompyuta yamakono pachipatapo, koma zonse ziwiri zinatsamwa fumbi miyezi itatu isanathe. Teminolo ija inkangodya fumbilo n'kumagwirabe ntchito. Ine ndinkaida. Ndinkaona ngati munthu wa satifiketi sayenera kuoneka pafupi ndi chinthu chotere, ndipo kunena zoona eni akewo ndinali nditayamba kuwaona chimodzimodzi.

Seva itafa, abwana anaitana katswiri wa ku Rosebank. Anali mnyamata wonunkhira, wa nsapato zosongoka zopanda zingwe, woyenda ndi khofi m'kapu ya pepala ngati pakampani pathu palibe madzi. Ankatha kulankhula mphindi khumi osanena kanthu, abwana n'kumangogwedeza mutu. Ndinkamunyoza mumtima, koma nsapato zonga zakezo ndinakagula mwezi womwewo. Anaika seva yatsopano, makompyuta a mu ofesi ya pamwamba anayambanso kugwira ntchito, koma teminolo ya madala inakana. Ukayatsa, pulogalamu ya katundu inkangolemba mzere umodzi wonena kuti mtundu uwu wa teminolo siikuudziwa.

Katswiriyo anati tiitaye. Abwana, pokumbukira makompyuta awiri aja, anafunsa ngati palibe njira ina, ndipo apo m'pamene ndinamva koyamba za tic. Mnyamatayo anafotokoza maso ali pafoni, koma mfundo yake ndinaigwira. Seva siidziwa yokha kalankhulidwe ka teminolo iliyonse. Imafuna mndandanda woiuza kuti pofuna kupukuta sikirini itumize chizindikiro chakuti, pofuna kubwerera kumayambiriro a mzere itumize chakuti, ndiponso kuti batani ili likadinidwa ndiye kuti munthu akufuna kumanzere, ilo kumanja. Mndandandawo umaulemba mu fayilo, kenako umalemba lamulo lakuti tic ndi dzina la fayiloyo, ndipo tic imausandutsa kukhala m'chinenero chimene seva imawerenga. Anati ndi ntchito ya mphindi zisanu, koma mndandanda wakale unafera limodzi ndi seva, ndipo iye alibe nthawi yofufuza za makina a nthawi ya agogo ake. Ananyamula khofi wake n'kumapita.

Madala ankamvetsera ali chapatali, manja kumbuyo. Galimoto ya katswiriyo itatuluka, anapita kulokala yawo n'kubwera ndi kanthu kokulunga mu jumbo ya buledi. Linali buku limene linabwera ndi teminoloyo ili yatsopano, masamba ake atasanduka achikasu. Anatsegula chakumapeto n'kuloza ndi chala. Mndandanda wonse unali pomwepo, wa timalemba ting'onoting'ono. Abwana anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndingathe. Ndinayankha ngati munthu amene tic amadya nayo mbale imodzi tsiku ndi tsiku, chonsecho dzinalo ndinali nditangolimva kumene.

Pano ndiyenera kunena za lilime langa. Chaka changa choyamba ku Joni ndinapita kwa mayi wogulitsa chakudya pageti kukagula mpunga. Ndinaupempha m'Chingerezi, R anasanduka L, ndipo m'malo mwa rice ndinaitanitsa lice, nsabwe. Anyamata achizulu amene anali pamzere anaseka mpaka wina anakhala pansi, ndipo dzina limenelo ndinayenda nalo theka la chaka. Kwathu zilembo ziwirizi palibe amene amazilondalonda, ukatchula china m'malo mwa chinzake aliyense amamva. Kuno zimakuulula usanatulutse n'komwe pasipoti. Ndinalumbira kuti sizidzandichitikiranso. M'chipinda chimene tinkagona anayi ku Berea ndinkaima pa kagalasi kosweka n'kumagubuduza lilime, mpaka mnzanga wina anafunsa ngati ndalandira mphatso ya malilime.

Nditachira, ndinayamba kunyansidwa ndi amene sanachire. Mmalawi akayamba kulankhula Chingerezi mu takisi, ine ndinkayang'ana pawindo ngati sindikumudziwa. Ndinadzipangiranso lamulo langalanga lakuti munthu wachikulire wakwathu akanena L ndiye kuti akutanthauza R, akanena R ndiye kuti L. Lamulo limeneli sindinaliyesepo pa madala. Ndinangoona imvi zawo ndi jekete lawo lakale n'kudziwiratu yankho.

Ntchito ya tic tinaigwira Loweruka masana, malole atatha. M'kachipinda ka seva munali mpando umodzi, ndipo ndinakhalapo ine. Madala anakana kundipatsa bukulo m'manja, anati masamba ake ndi ofooka ndipo ine ndimatsegula zinthu ngati ndikulimbana nazo. Anaima kumbuyo kwanga chakukhomo kuti iwo aziwerenga, ine ndizilemba. Asanayambe anandiuza kuti awerenga monga ankachitira kumgodi potchula mayina a anthu pa lamya, chilembo chovuta azichipatsa mudzi wake. L akhala elo wa Lilongwe, R akhala ala wa Rumphi.

"Abambo, kuno si kumgodi," ndinatero. "Tchulani chilembo basi, ine ndimva."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, amene mwendo umodzi anaumanga ndi waya wa kopa, n'kunena kuti chabwino.

Mndandandawo unali wa timayina ta zilembo ziwiriziwiri, kalikonse kotsatana ndi zizindikiro zake. Sindinkadziwa tanthauzo la ngakhale kamodzi, ndipo sindinafunse. Ndinkangolemba mothamanga kuti madala amve phokoso la zala za munthu wophunzira. Timayina tisanu ndi kamodzi tinali ndi L kapena R kumapeto. Iwo akati elo, ine ndinkalemba R. Akati ala, ndinkalemba L. Sikuti sindinkamva, ndinkamva bwinobwino. Ndinkawakonza, ndipo mumtima ndinkadziyamikira kuti ndine munthu wachifundo, wokonza mkulu mwakachetechete osamuchititsa manyazi. Kawiri konse anaima kuwerenga n'kundifunsa ngati ndamva bwino. Ndinayankha kuti shapu, pitirizani.

Titamaliza ndinalemba tic ndi dzina la fayilo n'kudina batani. Inalavula mizere iwiri yodandaula kuti dzina lakuti ar siikulidziwa, lakuti dr siikulidziwanso. Madala anali atanena al ndi dl. Ndinasendera pang'ono kuti phewa langa litchinge sikirini, ndinabwezeretsa ma L awiriwo msangamsanga, n'kuyesanso. Ulendo uno tic inangokhala chete, ndipo ikakhala chete ndiye kuti yavomereza. Munthu wanzeru akanaima pomwepo n'kudzifunsa kuti ngati mkuluyu ananena zoona pawiri, nanga pena ponsepo? Ine ndinangoti nawonso okalamba nthawi zina amalasa mwamwayi.

Zimene sindinkadziwa n'zakuti tic ili ngati chigayo, chimene chikakumana ndi mwala chimalira, koma chimanga chofumbwa chimangogaya osafunsa. Timayina tinayi totsalato tinali cl ndi cr, kl ndi kr, ndipo tonse ndi timayina tenitieni timene tic imatidziwa. Koyamba ndi kopukutira sikirini yonse, kachiwiri kobwererera kumayambiriro a mzere, tinato ndi ta batani la kumanzere ndi la kumanja. Ine ndinali nditasinthanitsa ntchito zake, ndipo tic inalibe chifukwa chokanira. Tinayatsa teminolo, pulogalamu inatsegula tsamba loyamba osakananso, ndipo ndinazimitsa pomwepo chifukwa ndinkafuna kukaonera mpira. Madala anati tiyese kaye kulemba lole imodzi yongoyerekeza. Ndinawauza kuti zatheka, asadandaule.

Lolemba m'mawa malole anafola pachipata monga mwa masiku onse. Madala analemba mzere woyamba, ndipo atangoumaliza sikirini yonse inafufutika. Analembanso, inafufutikanso. Pamene inkayenera kufufutika kuti lole yotsatira iyambe pa tsamba loyera, malemba akale ankatsalira, atsopano n'kukwera pamwamba pawo. Akadina batani la kumanzere, kachizindikiro kosonyeza pamene akulemba kankathawira kumanja. Zimene alembazo sizinkatayika ayi, koma sankaziona, ndipo munthu wosamala ngati iwo sakanatulutsa kapepala ka zinthu zimene sanazione ndi maso. Ankayambiranso, n'kumalemba kaye pa pepala ndi bolopeni kuti afanizire. Pofika teni koloko mzere wa malole unali utatulukira kumsewu, madalaivala akuimba mahutala.

Abwana anatsika ali wofiira. Madala ankalankhula Chingerezi chabwino kuposa chawo, koma abwana akakwiya ankawalankhula m'Chifanakalo, chinenero cholamulira cha kumigodi, ngati akadali pansi pa nthaka. Madala anayankha modekha kuti makina sakumvera. Abwana anatembenukira kwa ine. Ndinati fayilo ili bwino, tic yavomereza, mwina madala akufunika nthawi kuti azolowere seva yatsopano. Mawu amenewo anatuluka mosavuta, ndipo ndinamva kukoma powanena.

Lachiwiri katswiri wa ku Rosebank anabweranso, khofi ali m'manja. Anatsegula laputopu yake, analowa mu pulogalamu ija, ndipo zonse zinayenda bwino, poti laputopu yake siinkadalira fayilo yanga. Anandifunsa ngati tic inadandaula chilichonse. Ndinati ayi. Anati basi, ndiye kuti fayilo ilibe vuto. Kuitsegula n'kuiwerenga sanaganizeko, ndipo kiyibodi ya fumbiyo sanaikhudze, anaima mapazi awiri kutali ngati ingamulume. Anauza madala kuti asunthe kachizindikiro kumanzere.

Madala anali atagona tsiku limodzi ndi vutolo, ndipo zala zawo zinali zitaphunzira kale kuti pofuna kumanzere uyenera kudina kumanja. Anadina batani la kumanja, kachizindikiro kanapita kumanzere monga anawauzira. Koma katswiri wathu sankayang'ana sikirini, ankayang'ana chala. Anaseka n'kuuza abwana kuti vuto laoneka, mkuluyu sakusiyanitsanso kumanja ndi kumanzere, ndipo zimenezi pa msinkhu wawo zimachitika. Munthu wolipidwa chifukwa cha nzeru anaona chala cholondola n'kuchitcha uchitsiru. Abwana anaseka. Ine ndinasekanso, ndipo kuseka kwanga n'kumene kunamveka kwambiri, chifukwa ndinkafuna aone kuti ndili mbali yawo.

Madzulo a tsiku lomwelo abwana anauza madala kuti akuwapatsa mpaka Lachisanu. Ngati mzere wa malole udzafikebe kumsewu, pachipatapo padzakhala munthu wina. Tonse tinkadziwa tanthauzo lake. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi akachoka pa ntchito ku Joni salowanso pena. Akazi a madala anamwalira kalekale, ana awo anali kumudzi akuyembekezera iwo, ndipo kachipinda kawo ka ku Berea kankadalira chipata chimenecho.

Lachitatu nthawi ya nkhomaliro madala anandipeza ndikudya magwinya, mandasi a kuno, kuseri kwa shedi. Buku lija linali kukhwapa. Anapempha kuti tikalowenso m'kachipinda kaja, mphindi khumi zokha, tikaonenso pa elo ndi ala paja. Mkulu amene ndinamukonza mwaulemu chonchija, lero akubwera kudzandiphunzitsa zilembo?

"Eish, abambo, ngati pali vuto la elo ndi ala, si la ine," ndinatero. "Makina sanama. Tic yavomereza."

Anatembenuka n'kubwerera kuchipata. Madzulo ake ndinaona kuti amata timapepala pa mabatani awiri aja, ajambulapo mivi yoloza kosiyana ndi yoyambayo. Ndinauza anyamata onyamula katundu kuti bwerani mudzaone sayansi ya ku Ntcheu, ndipo anaseka. Lachinayi anandipezanso pokwerera takisi n'kupempha chimodzimodzi, mawu ali pansi kuti ena asamve. Ndinati ndili ndi zochita zambiri. Zochita zanga tsiku limenelo zinali kusintha fyuzi ya ketulo.

Kunena chilungamo, pofika Lachinayi madala anali atayamba kuthamanga. Ankalemba osaona, n'kumasunga mizere yonse m'mutu, ndipo mzere wa malole unafupika. Koma Lachisanu ndi tsiku la malole ambiri, ndipo unafikanso kumsewu. Abwana sanatsike n'komwe, anangowaitanira pamwamba. Atatsika, madala anatsegula lokala yawo n'kutulutsa kapu ya tiyi, juzi ndi buku la nyimbo. Anatsanzika alonda mmodzimmodzi powagwira dzanja. Buku la teminolo analisiya patebulo panga, lili mu jumbo yake ya buledi. Ndinamva chisoni, koma chinali chisoni chodzikweza, chonga chimene umamvera munthu amene nthawi yamupitirira.

Lolemba lotsatira pachipata panakhala mayi wina wa mu ofesi ya pamwamba, wa zikhadabo zazitali zopaka utoto, amene ankadziwika kuti ndi wothamanga pa kompyuta. Sanathe ngakhale ola limodzi. Anakwera pamwamba akukalipa kuti makinawo ndi amisala, sikirini ikudzifufuta yokha ndipo mivi ikuyenda chobwerera. Ananena zomwezo zimene madala ananena sabata yathunthu, mawu ake omwewo. Kusiyana kwake kunali koti iye anachokera pamwamba, ndiye anamukhulupirira nthawi yomweyo. Palibe anafunsa ngati amasiyanitsa kumanja ndi kumanzere. Abwana anandiitana n'kundiuza kuti ndikonze lero lomwe.

Ndinalowa m'kachipinda kaja n'kutseka chitseko. Ndinamasula jumbo, ndinatsegula tsamba lija, ndinatsegulanso fayilo yanga, n'kuyamba kufanizira ndi chala. Sindinafike patali. Buku linati cl, ine ndinalemba cr. Buku linati cr, ine ndinalemba cl. Pansi pake kl ndi kr chimodzimodzi. Mkulu uja sanaphonye chilembo ngakhale chimodzi pa tsamba lonselo. Ndinakhala pampandopo ndikumva madzi akuthira m'chimbudzi cha kuseri kwa khoma. Kenako ndinasintha zilembo zinayizo n'kulembanso tic. Inakhala chete, chimodzimodzi ndi mmene inakhalira chete Loweruka lija. Ntchito yonse siinakwane mphindi ziwiri.

Teminolo inagwira ntchito ngati yatsopano. Abwana anandisisita paphewa pamaso pa anthu n'kunena kuti ndine wanzeru, ndipo ndinalandira. Zinanditengera masiku awiri kuti ndikwere masitepe a ku ofesi ya abwana kukanena zoona. Ndinafotokoza kuti vuto silinali la madala, linali langa, ndinasinthanitsa L ndi R. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, mwinanso kuchotsedwa, ndipo ndinali nditakonzeka. Abwana anandiyang'ana, kenako anaphulika kuseka. Anati anthu akwanu ndi zilembo ziwirizi, ndipo anaitana wina wa mu ofesi kuti adzamve nthabwalayo. Zaka zonse zoima pagalasi zija zinathera pamenepo. Atapukuta misozi ya kuseka ndinafunsa ngati madala angabwerere. Anati malowo adzaza kale, ndiponso kwa nthawi yaitali ankafuna munthu wachangu pachipatapo. Ine sanandichotse. Akanatero, ketulo akanakonza ndani?

Lamulungu ndinapita kuholo ku Berea ndi buku lija. Madala anakhala pamalo awo a nthawi zonse, mzere wachitatu, ndipo anaimba besi monga mwa masiku onse. Mapemphero atatha tinayamba kusanja mipando ya pulasitiki, poti masana holoyo inkalowa mpingo wina. Ndinawapeza pakona atanyamula mipando inayi. Ndinawapatsa bukulo n'kuyamba kufotokoza mozungulira, za seva, za fayilo, za mmene zinthu izi zimavutira. Anandidula.

"Zinayi," anatero. "Ziwiri unakonza utatchinga ndi phewa. Zinayi zinatsala."

Ndinafunsa kuti anadziwa bwanji, poti sikirini sankaiona.

"Elo ali kudzanja lamanja, mwana wanga. Ala ali kumanzere. Ndinkati ndikanena elo, dzanja lako lamanzere n'limene linkayenda. Zaka makumi anayi ndili pa taipi, ndingalephere kuona zimenezo?"

"Nanga bwanji simunawauze abwana?"

"Ndikanene kuti chiyani? Kuti Mmalawi mnzanga wasokoneza elo ndi ala? Akanatiseka tonse awiri, kenako n'kuchotsa ine ndemwe. Ndinabwera kwa iwe. Kawiri."

Kuseka kumeneko ndinali nditakumva ndi makutu anga masiku anayi apitawo. Ndinawauza kuti ndinakanena zoona kwa abwana, poganiza kuti mwina zimenezo zichepetsa mlandu wanga. Anangogwedeza mutu ngati ndawauza kuti kunja kukuzizira. Ndinapepesa. Anati amva. Kenako anandibwezera bukulo, anati ndisunge poti makina ali kwa ine, ndipo ananyamulanso mipando yawo.

Ndinalonjeza kuti ndiwafunsira ntchito kwina, ndipo ndinafunsadi malo awiri kapena atatu. Kulikonse ankayamba kufunsa zaka. Kuholo madala anayamba kubwera mwa apo ndi apo, ndipo ine ndinayamba kukhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, kuti amen akangomveka ndituluke.

Patapita mwezi ndi theka abwana anandituma ku Rosebank kukatenga waya kwa katswiri uja. Munali m'mawa, kukuzizira. Takisi inadutsa pa shopu ina yaikulu ya zipangizo zomangira, kumene amuna amaima m'mbali mwa msewu atanyamula zikatoni zolembapo ntchito zimene amadziwa, kuyembekezera galimoto yoti iwatenge. Kale ndinkakonda kuwerenga zikatonizo kuti ndizindikire akwathu. Tsiku limenelo analiponso. Wina analemba PRUMBER, wina TIRER, ndipo ndinayamba kumwetulira mwa chizolowezi.

Kumapeto kwa mzerewo kunaima madala, atavala jekete lawo la Lamulungu, magalasi a waya wa kopa ali kumaso. Anali wamkulu kuposa onse ndi zaka makumi awiri. Chikatoni chawo anachidula pa bokosi la mipope, ndipo zilembo anazilemba ndi rula, zofanana msinkhu ngati za taipi. Analemba PLUMBER, L ali pamalo pake, R ali pamalo pake.

Loboti inatseka, ndipo takisi inaima pafupi nawo penipeni, windo langa litayang'anizana ndi chikatonicho. Ndinawerama ngati ndikumanga chingwe cha nsapato, ndipo ndinakhala chiweramire mpaka tinanyamuka. Nsapatozo zinali zosongoka zija, zopanda zingwe.